Kodi diso lingaulule matenda oiwalaiwala a amayi anga?

Funso: Adokotala, amayi anga ali ndi zaka 72 ndipo kwawo n'ku Chadiza. Akhala ndi BP zaka zambiri, chaka chatha anawapezanso ndi shuga. Tsopano patha zaka ziwiri akuiwalaiwala. Amafunsa chinthu chimodzi kanayi, amathira mchere kawiri m'ndiwo, ndipo tsiku lina anatuluka usiku n'kukapezeka pakhomo pa eni, moti kumudzi ayamba kunong'ona zoti ndi mfiti. Mwezi watha ndinapita nawo kukapimitsa maso, ndipo amene anawapima anati mitsempha ya magazi ya m'maso mwawo yawonongeka. Ndiye ndinaona pa Facebook kuti kunja amadziwa dimenshiya pongojambula diso. Kodi n'zoona? Tisonkhe ndalama tipite nawo ku Lusaka? Ndine mayi wa ku Kapata, Chipata.

Yankho: Mayi, pepani ndi mtolo umene mwasenzawu. Ndiyambire pa ndalama, poti ndiyo ingakupulumukeni msanga. Musasonkhe. Ku Lusaka n'kutali makilomita oposa 550, ulendo wa tsiku lathunthu kwa munthu wachikulire amene akusokonezeka kale ali pakhomo pake. Ndipo mukakafika, palibe makina, kaya ku UTH, chipatala chachikulu cha ku Lusaka, kaya ku London, amene lero angajambule diso n'kutulutsa pepala lotsimikiza kuti amayi awa ali ndi dimenshiya, matenda oiwalaiwala aja, kapena alibe. Komabe zimene munaonazo sizinangopekedwa. Pansi pake pali choonadi, ndipo chikukhudza amayi anu kwambiri.

Mwana akamaumbika m'mimba, m'sabata yachinayi, ubongo wake umene ukali ngati kachubu umaphuka timatumba tiwiri m'mbali. Timatumba timeneti ndi timene timadzakhala kansalu kopyapyala ka kumbuyo kwa diso, kamene kuchipatala timati retina. Tinganene kuti retina ndi kachidutswa ka ubongo kamene kanatuluka kudzasuzumira kunja. Mitsempha yake ya magazi ndi yofanana ndi timitsempha ta mkati mwa ubongo: kukula kwake n'kofanana, ndipo khoma lake n'lothinana chimodzimodzi, losalola zinthu za m'magazi kungodutsa mwachisawawa. Kusiyana kwake n'kwakuti ya muubongo inabisika m'chigaza, pamene ya m'diso tingaione ndi kanyale. Chida chounikira m'diso anachipanga ndi Hermann von Helmholtz wa ku Germany mu 1851, ndipo chimene ndimagwira ine lero sichinasiyane nacho kwenikweni.

Ndikathira mankhwala okulitsa kamwana ka diso timadikira mphindi 20 kapena 30. Kenako ndimazimitsa magetsi n'kuyandikira mpaka mphumi zathu zitatsala pang'ono kugundana. Agogo ena amaseka, ena amati, "Mwanawe, ukufunanji m'mutu mwangamu?" Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo maso a agogo amene akuphethiraphethira amafuna kudekha komweko. Akakhazikika ndimaona bwalo lofiirira ngati mkati mwa papaya wakupsa. Chapakati pali kambale kotuwirako, pamene mtsempha waukulu wopita ku ubongo umatulukira, ndipo kuchokera pamenepo mitsempha ya magazi imayala nthambi ngati za tsamba la nkhwani mukaliunika padzuwa. Ina ndi yopyapyala, yofiira mowala, imeneyo ndi yobweretsa magazi. Ina ndi yonenepako, yoderako, yobweza magazi. Ikuluikuluyo kunenepa kwake n'ngati tsitsi limodzi kapena awiri.

BP ikakhala pamwamba zaka ndi zaka, khoma la mtsempha wobweretsa magazi limakhuthala n'kuuma, njira ya mkati n'kuchepa. Pouunika umanyezimira ngati waya wa kopa, ndipo zikafika poipa umayera ngati siliva. Pamene wadutsa pamwamba pa mnzake wobweza magazi umamupsinja, monga gudumu la ngolo limachitira likaponda paipi ya pulasitiki kudimba. Zikapitirira timaona timadontho ta magazi ndi timawanga toyera ngati thonje lothothoka, posonyeza kachigawo kamene kanamanidwa magazi. Shuga naye ali ndi zidindo zake: timatuza tating'onoting'ono pa timitsempha, kuchucha kwa madzi ndi mafuta achikasu, kenako mitsempha yatsopano yosalimba imene siichedwa kuphulika. Zina mwa zimenezi ndi zimene mnzanga uja anaona mwa amayi anu.

Tsono magazi amene akupsinja mitsempha ya m'diso ndi omwewo amene akuyenda muubongo. Ganizani za dimba lothirira ndi ngalande. Ngalande zikayamba kutsekeka ndi matope, mabedi a pafupi ndi chitsime amakhalabe obiriwira, koma a kumapeto amayamba kufota, limodzi lero, lina mwezi wamawa, mwini dimba osazindikira msanga. Mkati mwa ubongo muli malo amene amadalira timitsempha titalititali topanda tinzake totithandiza. Kamodzi kakatsekeka, kachigawo kochepa ngati njere ya mapira kapena nyemba kamafa. Ndi sitiroko ndithu, koma yachete: munthu sagwa, pakamwa sipapindika, amangodzuka m'mawa ali wochedwerako kuganiza. Zikachuluka timati dimenshiya ya mitsempha ya magazi.

Apa ndifotokoze pang'ono, chifukwa dzina lakuti dimenshiya lili ngati mawu akuti "chifuwa", amene amaphimba TB, chibayo ndi mphumu pamodzi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu oposa 55 miliyoni padziko ali nayo, ndipo oposa 60 pa 100 alionse amakhala m'mayiko osauka ndi opezako pang'ono, ngati lathu lino. Nthenda imene imachititsa ambiri, 60 mpaka 70 pa 100, ndi ya Alzheimer, imene dokotala wa ku Germany Alois Alzheimer anaifotokoza mu 1906. Mmenemo muubongo mumaunjikana zinthu zomatamata zotchedwa amyloid ndi tau, ndipo chimayamba kuthawa ndi chikumbumtima cha zinthu za posachedwa: agogo amakumbukira bwinobwino nyimbo za pa chinamwali chawo koma osakumbukira kuti adya nsima masana. Yachiwiri ndi ya mitsempha ija. Imeneyi nthawi zambiri imatsika ngati masitepe, imachedwetsa kuganiza ndi kukonza zochita, imasintha kayendedwe kukhala kokwakwaza mapazi, ndipo ena amavutika kugwira mkodzo. Mwa okalamba ambiri ziwirizi zimakhalira limodzi.

Nanga ofufuza anapezanji m'maso? Ku America kuli kafukufuku wotchedwa ARIC, amene anajambula maso a anthu oposa 12,000 n'kumawayesa nzeru pa zaka pafupifupi 20. Zotsatira zake za mu 2018 zinaonetsa kuti amene retina yawo inali yowonongeka kwambiri, nzeru zawo zinatsika kuposa za anzawo a maso abwino. Ku Rotterdam, m'dziko la Netherlands, anapeza mu 2011 kuti okalamba amene mitsempha yawo yobweza magazi m'diso inali yotakasuka anali pachiopsezo chokulirapo cha dimenshiya ya mitsempha. Koma gulu lomwelo la ku Rotterdam mu 2012 linapeza chinthu choziziritsa nkhongono: madontho a magazi ndi mawanga aja ankapezeka kwambiri mwa amene anali kale ndi dimenshiya, koma sankalosera amene adzaidwale m'tsogolo. Nkhani ngati imeneyi siyenda pa Facebook.

Zimene zimayenda ndi za makina atsopano otchedwa OCT angiography, amene amajambula timitsempha tating'ono kwambiri popanda kubaya jakisoni. Mu 2019 ofufuza a ku Duke University ku America anayerekeza anthu 39 odwala Alzheimer, 37 amene anali atangoyamba kufooka nzeru pang'ono, ndi 133 abwinobwino. Mwa odwala Alzheimer ukonde wa timitsempha pakati pa retina unali wapatalipatali. Mwa ongoyamba kumene aja, amene n'ngofunika kwambiri kuwadziwa msanga, ukondewo sunasiyane ndi wa anthu abwinobwino. Ndipo mvetsetsani ichi: anthu a shuga, a BP yosatsika ndi a glaucoma (nthenda yowononga mtsempha waukulu wa diso) sanawalole kulowa nawo m'kafukufukuyo, chifukwa matenda amenewa amasintha timitsemphato mofanana. Amayi anu akanawabweza pakhomo. Mu 2022 gulu lotsogozedwa ndi a ku Hong Kong linaphunzitsa kompyuta kuzindikira Alzheimer pa zithunzi za retina pafupifupi 13,000, ndipo inachita bwino ndithu posiyanitsa odwala odziwika kale ndi anthu abwino. Imeneyo ndi ntchito ya ofufuza, sinakhale njira imene chipatala chingadalire pa munthu mmodzi.

Vuto lake n'losavuta kulimva. Tonse tikudziwa kuti amuna pagulu n'ngataliko kuposa akazi. Koma mukaona mutu wa munthu ukudutsa kuseri kwa mpanda wa udzu, kutalika kokhako sikungakuuzeni ngati ndi bambo kapena mayi. Kusiyana kumene ofufuza amapeza kumaoneka akaphatikiza anthu mazanamazana. Ine ndaunikapo maso owonongeka kwambiri a agogo amene amawerengera ndalama za mtedza osaphonya ngwee, ndaonanso retina yosalala bwino mwa munthu amene sakudziwanso dzina la mkazi wake.

Pali malo amodzi pamene diso linauladi chinsinsi cha ubongo mosakayikitsa, ndipo n'kwa anansi athu a ku Malawi, tsidya la Mwami. Pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, dokotala wa maso Susan Lewallen ndi anzake anayamba kufotokoza mu 1993 zimene ankaona m'maso mwa ana okomoka ndi malungo a muubongo: mawanga oyera ndi timadontho ta magazi, ndipo pambuyo pake anaonanso mitsempha yosintha mtundu. Mu 2004 Terrie Taylor ndi anzake anaonetsa kuti mwa ana amene anamwalira atawaganizira malungo a muubongo, pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse anafa ndi china, ndipo chizindikiro chimene chinkasiyanitsa magulu awiriwo anawo ali moyo chinali cha m'diso. Zinatheka chifukwa malungo amasiya chidindo chawochawo. Dimenshiya ilibe chidindo chotero. Imagawana zizindikiro ndi BP, shuga, glaucoma ndi ukalamba weniweniwo.

Ndiye pepala la kopimitsa maso la amayi anu likutiuza chiyani? Likutiuza kuti BP ndi shuga zakhala zikugwira ntchito yake mwakachetechete, ndipo n'zotheka kwambiri kuti zimene zachita m'diso zachitanso muubongo ndi mu impso. Kwa ine umenewo ndi uthenga wamtengo kuposa dzina la nthenda, chifukwa pamenepo pali chochita. Kunabwera abambo ena opuma pa uphunzitsi, a cha ku Petauke, kudzafuna magalasi owerengera Baibulo. Ndinaona mitsempha yopsinjana ija, ndinawayeza BP, inali 190/110, ndipo anali asanayezetsepo chibadwire. Anandiuza mwamanyazi kuti masiku amenewo ankataya mzere powerenga mawu kutchalitchi. Sali okha: kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wotchedwa STEPS wa mu 2017 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa asanu alionse m'Zambia muno ali ndi BP yokwera.

Kutsitsa BP kumatetezadi ubongo. M'kafukufuku wa SPRINT MIND wa mu 2019, wa anthu oposa 9,000, amene anawatsitsa BP mwamphamvu anachepetsa chiopsezo cha kuyamba kufooka nzeru ndi pafupifupi 19 pa 100 (a shuga sanalimo, choncho muyeso wa amayi anu auike ndi dokotala amene akuwaona). Chimene chafa kale muubongo sichidzuka, koma mabedi amene akali obiriwira tingawasunge. BP izikhala pansi pa 140/90 popanda kuwachititsa chizungulire akamaimirira. Mankhwala asamasiyidwe chifukwa "lero ndili bwino". Mchere wa tsiku lonse usapose magalamu 5, kasupuni kamodzi ka tiyi, ndipo muwerengeremo wa mu kapenta ndi nsomba zouma. Poti mwati amathira kawiri, mchere uchoke pafupi ndi mafuwa, wina azithira. Ngati amanusa kapena kusuta fodya, kapena amamwako, imeneyo ndi nkhani ina yoti mukambe nawo mwaulemu.

Chimene chimandiopsa kwambiri kwa munthu woiwalaiwala wa shuga ndi mapiritsi. Amene amathira mchere kawiri angamwenso mankhwala kawiri, kapena kumwa n'kuiwala kudya. Ngati akumwa mankhwala a shuga otchedwa glibenclamide, shuga angatsike kwambiri mpaka kutuluka thukuta, kunjenjemera, kulankhula zosamveka, ngakhale kukomoka, ndipo kutsika kotereku nakonso kumavulaza ubongo. Uzani dokotala za kuiwalaku kuti aone ngati mankhwalawo akuyenerabe. Pakhomo, mapiritsi onse akhale m'manja mwa munthu mmodzi, osati aliyense wodutsa. Banja lina linkaika a tsiku lililonse m'mabokosi asanu ndi awiri a machesi, olembedwa Lolemba mpaka Lamulungu, ndipo mdzukulu wa giredi 7 ndiye anali mwini ntchitoyo.

Za dzina la nthendayo, limapezeka pomvetsera kuposa pojambula. Pitani nawo ku kiliniki yanu akupatseni kalata ya ku Chipata Central Hospital, ndipo apite ndi munthu amene amakhala nawo tsiku ndi tsiku, chifukwa wodwala yekha adzati zonse zili bwino. Adzafunsidwa mafunso oyesa kukumbukira, m'chinenero chawo, mosawachititsa manyazi ngati sanapite kusukulu. Pemphani kuti afufuzenso zinthu zimene zimanamizira dimenshiya koma zili ndi mankhwala: kuchepa kwa magazi ndi vitamini B12, chithokomiro chofooka, chindoko chakalekale, HIV (inde, ngakhale pa zaka 72), impso, ndi matenda a nkhawa ndi chisoni, makamaka ngati anaferedwa. Ngati anagwapo n'kugunda mutu m'miyezi yapitayi, nenani, poti magazi oundana pansi pa chigaza amachotsedwa munthu n'kubwerera mwakale. Sikani ya mutu aiganizire ndi dokotala akamva zonsezi. Koma akasokonezeka mwadzidzidzi m'tsiku limodzi kapena awiri, kapena mkono kufooka, pakamwa kupindika, musadikire tsiku la kiliniki.

Diso lili ndi mbali inanso pankhaniyi imene anthu saiganizira. Mu 2024 gulu la akatswiri la magazini ya zachipatala ya Lancet, lotsogozedwa ndi Gill Livingston, linatchula zinthu 14 zimene zingapewedwe, zimene pamodzi zimakhudza pafupifupi 45 pa 100 ya dimenshiya yonse. Pamndandandawo anawonjezerapo kusaona bwino kosathandizidwa, pambali pa kusamva, BP, shuga, fodya ndi zina. Ku Seattle, ku America, kafukufuku wa okalamba pafupifupi 3,000 a ng'ala anapeza kuti amene anachitidwa opaleshoni anali ndi chiopsezo chocheperapo ndi pafupifupi 30 pa 100. Sitinganene kuti mpeni wa dokotala ndiwo wokha unachita zimenezo, koma aliyense amene anaonapo agogo a ng'ala akudziwa momwe zimakhalira: amasiya kupita kumunda, kumaliro, ku chigwirizano, amangokhala pakhonde, ndipo ubongo wopanda chouchititsa chidwi umazirala. Ngati amayi ali ndi ng'ala, opaleshoni yake ikuchitika konkuno, ku Chipata Central ndi ku chipatala cha Mwami. Ndipo chifukwa cha shuga, retina yawo iziunikidwa kamodzi pachaka, kapena pafupipafupi ngati wowapimayo atero, kuti maso enieniwo asatayike.

Za kunong'ona kwa kumudzi ndizo zandipweteka. Odwala dimenshiya ambiri amasokonezeka kwambiri dzuwa likamalowa ndi usiku. Amadzuka kukafuna nyumba imene ankakhala ali mtsikana, kapena kukatunga madzi pa chitsime chimene chinauma kalekale, nthawi zina atavala mosalongosoka, ndipo mdima ndi maso ofooka zimawasocheretsa. Akafunsidwa mwaukali amavomera chilichonse, ngakhale zoti anauluka. Musadikire kuti zikule. Pitani kwa amfumu ndi kwa abusa kapena akulu a mpingo ndi buku la kuchipatala m'manja, muwafotokozere masana anthu akumva, ndipo mupemphe aneba kuti akawaona usiku aziwaperekeza kunyumba. Lamulo la dziko lino, Witchcraft Act, Chaputala 90, limati kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, ndipo ku polisi kuli Victim Support Unit ngati wina ayamba kuopseza. Asamagone okha m'nyumba, pachitseko mumangirire kabelu kapena zitini zoti zizilira, ndipo kanyale ka sola kaziyaka usiku wonse panjira ya kuchimbudzi.

Tsiku lobwerera kokapimitsa maso mupite m'mawa, pamene mutu wawo umakhala wopepukirako, atadya kale. Mutenge buku lawo la kuchipatala, mapaketi onse a mankhwala m'jumbo imodzi, ngakhale a zitsamba, ndi kapepala kamene mwalembapo BP ya milungu ingapo. Mufunse mnzanga wa masoyo alembe m'bukumo zimene waona, kuti wa BP ndi shuga akawerenge. Mankhwala okulitsa kamwana ka diso aja adzawachititsa kuona mwachimbuuzi kwa maola anayi mpaka asanu ndi limodzi, ndipo dzuwa lidzawathobwa, choncho mutenge chipewa kapena chitenje chowaphimba kumaso, ndipo pobwerera muwagwire dzanja, musawakweze pa njinga okha.